Kuimirira Apongozi pa Phunziro la Delegate

Lolemba
Apongozi anga, akazi a mwana wanga, achira dzulo: mwana wamkazi. Koma Loweruka ayenera kuphunzitsa pa sukulu ya makompyuta ku Biwi, ndipo mwini sukulu akuti akajomba, ntchito apatsa wina. Ndikudzipereka. Munthu amene anaphunzitsapo Chilatini sangaope kompyuta. Mutu wa phunziro: kusiyana kwa delegate ndi expression tree polemba mapulogalamu a kompyuta.

Lachiwiri
Sikoyenera kuti ndilowe m'chipinda cha apongozi, makamaka ali m'chikuta. Ndikutuma mayi a kunyumba. Yankho: "Akuti delegate ili ngati munthu womutuma. Mumuitana, agwira ntchito, akupatsani zotsatira, koma za m'kati mwake simuziona." Ndikufunsa chifukwa chake. "Ine ndangotumidwa, bambo."

Lachitatu
Expression tree ndi malangizo omwewo a m'kati mwa delegate, koma oyalidwa nthambi ndi nthambi, kotero kuti pulogalamu ina itha kuwawerenga, kuwasintha, ngakhale kuwamasulira m'chinenero cha database, nkhokwe yosungamo zinthu. Izi zikufika zidutswazidutswa, pakuti mayi akumaima panjira kukalipira nkhuku.

Lachinayi
Zokonzeka: jekete, tayi, choko, ndodo yolozera. Zosakonzeka: phunziro. Ndikuyesera pa laputopu. Ndapereka delegate pofunika tree. Popeza database siingaone m'kati mwake, ikunditumizira zonse ili nazo kuti ndisankhe ndekha. Bandulo ya intaneti yatha! Ndi ya apongozi.

Lachisanu
Mayi akukana kutumidwa: "Miyendo yangayi si minibasi." Ndaima panja pa zenera, nditafulatira mwaulemu, ndikufunsa mokweza. Khanda ladzuka. Aneba kuseri kwa mpanda: "Madala, mapemphero amenewo ndi a mpingo uti?"

Loweruka
Kalasi yadzaza. Moni wayenda bwino kwambiri. Kenako mayi wina wakutsogolo: "Abambo, nanga tree tikaipanga compile, kuti kompyuta ithe kuigwiritsa ntchito, imasanduka chiyani?" Ndikupukuta magalasi. Ndikupukutanso. Foni ikulira, ndi apongozi: "Pepani bambo, tangoikwezani m'mwamba andimve." Akuphunzitsa okha, khanda likuyamwa. Imasanduka delegate, akutero. Ine chiimire, dzanja m'mwamba, tayi ili bwinobwino.

Lamlungu
Ndagona tulo tabwino koyamba sabata ino. Ntchito ya apongozi yapulumuka, ndipo palibe wafunsa zimene ine ndikudziwa. Mwini sukulu akuti tipitirize chomwechi kufikira iwo atapeza mphamvu. Phewa likuwawa, mayi akulithowa uku akuseka. Udindo wanga tsopano ndi kugwira foni. Ophunzira akuti ndimaigwira mowongoka.