Sabata Yophunzira Kusalira

Lolemba

Loweruka tikuvundukula chiliza cha amayi kumudzi, ku Vubwi, ndipo atate asankha ine kuti ndikawerenge mbiri yawo pamaso pa anthu. Pafoni angoti: "Ndiwe unapita kusukulu. Ukawerenge, anthu amve." Nkhani yathera pomwepo.

Vuto ndi limodzi. Ndimalira.

Pamaliro chaka chatha ndinalira mpaka azimayi a m'nyumba ya siwa anayamba kusuzumira panja kuti aone amene akuwaposa. Amuna onse ali duu pansi pa mtengo wa mango, atate ali pakati pawo ngati chitsa, ine ndili chafufumimba pafumbi, taye ali kumsana. Azakhali, alongo awo a atate, amaikambabe nkhaniyi akafuna kusangalatsa alendo.

Chaka chino ayi. Ndapeza mphunzitsi.

Ali mu gemu imene ndimasewera ndikaweruka, pa laputopu yanga yakale ya ku yunivesite. Dzina lawo lenileni lilime langa limalikana, choncho ndimawatcha Achitseko. Chimunthu chachikulu, mapewa ngati goli la ng'ombe. Mudzi wawo unakokoloka ndi madzi iwo ali paulendo. Pobwera anapeza chitseko chachitsulo cha nyumba yawo chokha, chili m'matope. Anachiika kumsana, ndipo mpaka lero akuyenda nacho. Mivi ikabwera, chitsekocho ndi chishango. Pamtsinje, ndi ulalo. Chilombo chikatulukira, amachiphwanya nacho kamodzi n'kupitirira. Wina akawafunsa za kwawo amangoti "Hm."

Malamulo a sabata ino:
1. Mawu ochepa.
2. Nkhope youma.
3. Kunyamula zolemera.
4. Kuthawa nyimbo za kwaya.
5. Mbiri ya amayi ilembedwe ngati lipoti. Anabadwa, anakwatiwa, anamwalira.

Ndikuona ngati zitheka. Komabe ndinaonanso ngati digiri idzandipezera ntchito ya mu ofesi, ndipo ndikugulitsa mbewu.

Lachiwiri

Tsiku loyamba la nkhope youma, ndipo nyengo ndasankha yolakwika. Mvula yayandikira, Katete yense ali m'sitolo kufuna mbewu ndi feteleza, ntchito yanga ndi kukamba.

Mayi wina wa ku Mkaika akufunsa ngati chimanga chocha msanga chingachite bwino pamchenga. Ine: "Hm." Akudikira. Ine, mozamirako pang'ono: "Hm." Akutuluka, akulowa sitolo yoyandikana nafe. Yankho ndinali nalo, ndipo linali labwino.

A Chanda, anzanga oyang'anira matumba kuseri, akundiyang'ana kwa nthawi. Iwo ndi Mbemba, ndiye monga tonse a chigawo cha kum'mawa kuno ndine mbuya wawo: mwambo umawalola kundinena chilichonse, ine ndilibe kokadandaula koma kubweza.

"Iwe mbuya, nichani lelo? Dzino? Olo mbewa yakukakamira pakhosi?"

Yankho la anyani amene kwawo amadya lafika mpaka pamilomo. Lamulo loyamba. Ndalimeza. Lawawa kuposa mmene ndimaganizira.

Masana lole ya feteleza yafika. Lamulo lachitatu. Ndavula jekete, ndapereka msana, anyamata a lole andisenzetsa thumba. Sindinafike nalo pakhomo. Chinachake kumunsi kwa msana chati tho, ndipo a Chanda anyamula thumbalo kaye, kenako ine.

Madzulo, nditatsamira pilo, ndakwezetsa Achitseko phiri la chipale chofewa. Mphepo ikuwakankha, mimbulu ikuwaluma m'miyendo, iwo akungoyenda. Ndimawakonda mkuluyu. Sindikudziwa ngati amene anawapanga anaganizapo za msana.

Lachitatu

Ndikuyenda chowerama ngati ndataya singano.

Amai Zulu, eni nyumba imene ndimachita lendi, andipatsa moni pampopi. Ndangogwedeza mutu. Pofika masana komboni yonse yamva kuti:
- chibwenzi chandikana (ndilibe)
- andichotsa ntchito (ayi, koma bwana afunsa za mayi wa ku Mkaika)
- ndalowa zachilendo zofuna kulemera msanga, n'chifukwa chake sindikamba ndi anthu ndipo ndapindika.

Ndaweruka, ndapeza Amai Zulu ali pakhonde panga ndi azimayi anzawo a mapemphero, mayunifomu ali mbee. "Sitikufunsani kanthu, aphunzitsi. Mungokhala pansi." Amanditcha aphunzitsi chifukwa cha magalasi.

Lamulo lachinayi lafera pomwepo. Mwa nyimbo zonse za m'buku, ayambitsa imene amayi ankaimba potsuka mbale. Ndaluma tsaya m'kati. Ndayang'anitsitsa buluzi amene anali pakhoma mpaka wachita manyazi n'kuchoka. Diso lamanzere lagonja. Lamanja lagwira ntchito bwino. Ndikuwerenga ngati theka la chipambano.

Atapita ndalemba mbiri. Anabadwa. Anakwatiwa. Anabereka ana. Anali wa mpingo. Anamwalira. Ndaiwerenga pagalasi, osalira ngakhale pang'ono. Koma amenewa si amayi anga. Angakhale mayi wa aliyense m'boma lino.

Ndawonjezera mzere umodzi: ndili ku yunivesite ankanditumizira chiponde pabasi, m'botolo lomangidwa ndi mphira, lokulungidwa m'chitenje chakale, ndipo ankaopseza kondakitala kuti likasweka adzamupeza.

Ndafufuta. Ndalembanso. Ndafufutanso, koma mopepuka.

Lachinayi

Sindikudziwa ndilembe bwanji za lero.

Ndaweruka, dzuwa likadalipo, ndatsegula gemu. Achitseko ali pachigwa chopanda mtengo, chopanda nyumba. Foni yalira, atate. Ndatuluka panja chifukwa netiweki ya m'chipinda mwanga imafuna ulemu.

"Simenti yauma."
"Chabwino, atate."
"Walemba?"
"Ndalemba."
"Chabwino."

Nkhani yatha, koma palibe akudula. Ndikumva nkhuku zakumudzi, ndikumva kupuma kwawo. Patapita nthawi ati, "Mayunitsi," n'kudula.

Ndabwerera m'nyumba. Miyezi yonseyi sindinawasiyepo Achitseko ali okha. Nthawi zonse chala changa chili pabatani, pitani, menyani, lumphani. Lero ndawapeza atatsitsa chitseko. Achiimika chilili pamtetete, pomwe palibe khoma, palibe denga. Achipukuta fumbi ndi mkono wa malaya. Akonza kolala. Kenako agogoda.

Agogoda pang'onopang'ono, ngati munthu wobwera mochedwa amene safuna kudzutsa ana. Adikira, mutu uli pansi. Agogodanso.

Ndakhudza batani mwangozi. Nthawi yomweyo chitseko chabwerera kumsana, nkhope yauma, ali okonzeka kumenya chilichonse.

Ndiye kuti nthawi yonseyi amadikira kuti ndichoke. Ndipo munthu wina, kudziko lina, anakhala pansi n'kupanga zimenezi, n'kuzibisa pomwe angazione okhawo amene atate awo awaimbira foni.

Ndalira pa laputopu mpaka batani lolumphira lasiya kugwira. Kuseri kwa khoma, mawu a Amai Zulu: "Ameni. Zikutuluka."

Lachisanu

Mmene malamulo alili:
1. Wafa. Ndapepesa bwana ndi mawu ambirimbiri.
2. Nkhope yatupa.
3. Chikwama changa chomwe anyamula ndi a Chanda.
4. Onani Lachitatu.
5. Sindikufuna kukambapo.

Inde, a Chanda akubwera nane. Sindinawaitane. "Mbuya saitanidwa, amangofika. Nifuna nione ngati uzagona pansi futi." M'thumba la jekete ali ndi kapepala ka ufa. Pa zovuta zathu Abemba amatipaka ufa kumaso kuti tiseke, ife timawapaka pa zawo. Ndawapempha kuti mawa asachite. Aseka mpaka kondakitala wafunsa nkhani.

Minibasi mpaka Chipata, kenako kagalimoto kodzaza matumba a shuga ndi anthu a malonda a kumalire. Dzenje lililonse lapereka moni kumsana wanga.

Atate ndawapeza akukhoma benchi.
"Wafika."
"Ndafika."
Ayang'ana mmene ndapindikira. "Wakalamba msanga."

Mchenga wa chiliza anatuta okha pangolo. Njerwa anaumba okha. Amisiri akuti ankangowapatsira zida, mwini ntchito anali mkuluyu. Chaka chathunthu sindinamve atate akutchula dzina la amayi. Ndikuwayang'ana akukhoma msomali, ndipo ndikudabwa kuti ndinapitiranji kukafuna mphunzitsi mu laputopu.

Pulani yatsopano, yaing'ono: ndilire lero, thanki iphwe, mawa ndikaime wouma. Ndapita kuseri kwa nkhokwe. Ndaganiza za maliro, za chipatala, za nyimbo ija. Palibe chatuluka, ngakhale dontho. Mbuzi yokha yandiyang'ana.

Mwina ndachira!

Loweruka

Sindinachire.

Anthu ndi ambiri, ena achokera kutsidya la Malawi. Chiliza chakutidwa ndi nsalu yoyera. Abusa apemphera, nsalu yachotsedwa, dzina la amayi lili pamwala, zilembo zowongoka bwino. Azakhali akhala kutsogolo penipeni, manja ali pamawondo, ngati munthu amene wafika msanga kumpira.

Anditchula. Ndaima, mmene msana walolera.

"Anabadwa." Bwino. "Anakwatiwa." Bwino kwambiri, mawu ngati a pawailesi. "Anabereka ana." Ndiye diso lagwera pamzere wa chiponde. Ndinaufufuta mopepuka kwambiri, ukuwerengeka wonse. Ndikanaudumpha. Pakamwa pawerenga posandifunsa.

Pa mawu akuti "botolo," mawu anga akwera ngati a kamwana ka mbuzi. Ndayamba kuyang'ana pogwera.

Pamenepo dzanja landigwira lamba kumbuyo. Atate. Aima pambali panga, akuyang'ana kutsogolo, nkhope ngati mwala womwewo. Ndaganiza kuti abwera kudzandichirikiza. Koma kulemera kwawo konse kukubwera kwa ine. Sakundigwira kuti ndisagwe. Atsamira.

Ndiye sindingagwe. Ndikagwa tigwa awiri.

Ndawerenga chilili, ndikulira, mamina ndi misozi, mawu onse mpaka kumapeto. Ndawonjezera ndi zomwe sizinali papepala: mmene ankakanganirana ndi wailesi, mmene ankabisira atate fodya m'mtondo. Anthu aseka. Azimayi alira. Kondakitala wina wokalamba kumbuyo wakweza dzanja, akuti botolo lija ankanyamula ndi iye ndipo ankaliopa kuposa apolisi.

Nditangomaliza, a Chanda atulukira ndi ufa wawo. Pankhope yanga wasanduka phala pomwepo. Kenako, mopanda mantha, apaka atate. Ufa wayera mbuu pamasaya awo, ndipo pakati pake patsika timizere tiwiri, poyera, mudzi wonse ukuona.

Atate apukuta ndi chikhatho. "Ufa wa Abemba uli ndi tsabola."

Palibe watsutsa.

Lamulungu

Mawu atha. Maso ngati ndalumidwa ndi njuchi. M'makutu mudakali ufa.

M'mawa azakhali andiitanira pambali. Ndakonzeka kumva za chaka chatha ndi za dzulo pamodzi. Iwo ati: "Chiliza cha amuna anga tikuvundukula tikakolola. Ana anga amawerenga ngati akulengeza mitengo ya thonje. Tikufuna iwe." Amayi ena awiri anali kumbuyo kwawo, nawonso ali ndi ziliza zawo. Zikuoneka kuti ndatchuka.

Atate andiperekeza kumsewu, chikwama changa chili paphewa pawo. Galimoto itaonekera patali ati, osandiyang'ana: "Amako ankalirira ndi nkhuku yomwe akuipha okha. Sunatengere kutali." Kenako atambasula dzanja. "Pepala lija." Ndawapatsa, lonyowa, lofufutidwafufutidwa. Alipinda bwinobwino n'kuika m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

Tsopano ndili ku Katete. Amai Zulu akuti nkhope yanga yamasuka ndipo akudziwa amene ayenera kuthokozedwa. Achitseko ali pachigwa chomwe chija, ndipo popeza batani lolumphira linafa, sitingawoloke ngalande ili kutsogoloko mpaka nditapeza wokonza. Sukulu yawo ndalephera. Sindikukhulupirira kuti iwonso anakhoza.

Azakhali ndawavomera. Ndikanatani.

Mawa ndikaweruka ndipita kumsika kukagula timipango tiwiri ta m'thumba. Kamodzi kanga. Kachiwiriko ndidzapatsa atate, ndidzati n'kopukutira thukuta.