Siketi ya Dokotala Makaliste

Amene akuti ndimanama aimirire, atchule dzina lake ndi mudzi wake, monga tinkachitira ku mishoni. Ine, Aphunzitsi Yesaya Kambalame, mkulu wa mpingo, sindinanamepo chibatizidwireni. Mboni zanga ndi Che Mwamadi, amene anali tcheyamani wa chipani kwa Nsamala, ndi Dokotala Makaliste a ku Sikotilandi, amene ankagwira ntchito pa chipatala chathu cha mishoni. Zakuti onse awiri anamwalira si mlandu wanga.

Chaka china ku Balaka kunali chikondwerero cha nyimbo zamakolo, ndipo woyang'anira dongosolo ndinali ine. A beni ndinawaika kwawo, amayi a chioda kwawo, oimba bangwe ndi kaligo pansi pa mtengo wa mango, aliyense pa mzere. Dokotala anapempha kuti nawonso aimbe ya makolo awo. Ndinavomera, poganiza kuti makolo a munthu wophunzira ankavala thalauza.

Anatulukira atavala siketi. Siketi yaubweya wa nkhosa, yamizeremizere, yolekezera pamwamba pa mawondo, ndipo m'khwapa anali atapanira thumba la zitoliro looneka ngati mbuzi yogadama. Masiku amenewo lamulo linali lakuti siketi izibisa mawondo, ndipo linali lamulo labwino.

Che Mwamadi anandikodola. "Aphunzitsi, mawondo awo ndi a yani?"

"Ndi a Dokotala."

"Ndikuwaona onse awiri."

"Komatu ndi bambo, Che Mwamadi."

"Iyayi, siketi ndi siketi. Anyamata a chipani, agwireni!"

Akanawagwira, m'mawa mwake akanawakweza ndege yobwerera kwawo, chipatala chikanatsala chopanda dokotala, ndipo chikondwerero changa chikanathera m'chipwirikiti, chinthu chimene sindilola. Ndinauza anyamatawo kuti abwerere pa mzere, ndinalanda thumba lija. Ndinali ndisanaligwirepo, koma ndinkadziwa kuti nkhosa imamva nyimbo ya kwawo, ndipo ubweya ndi nkhosa basi.

Ndinakoka mpweya kamodzi kokha, mbendera zonse za pabwalo n'kuweramira kwa ine, sitima imene inali pa siteshoni n'kubwerera chambuyo mpaka ku Utale, nkhuku za pamsika n'kukomoka chifukwa mpweya unatha m'tauni yonse. Mukumva? Nditauzira m'thumbamo, zitoliro zinalira mokuti mtsinje wa Rivirivi unaima kuti umvetsere, ng'oma za beni zinayamba kudziimba zokha eni ake atapinda manja, ng'ona za ku Liwonde zinatuluka mu Shire n'kubwera zitafola ziwiriziwiri, zazifupi kutsogolo, zazitali kumbuyo, monga ndinkaphunzitsira ana, ndipo apo m'pamene siketi ya Dokotala inamva nyimbo ya kwawo n'kuyamba kumera. Inabisa mawondo, inabisa akakolo, inakwawa pansi, inadutsa pakati pa amayi a chioda osasokoneza mzere, inalowa msewu wa ku Phalula n'kuimitsa basi, ndipo amayi ogulitsa chimanga chootcha kumeneko anasiya mbaula zawo n'kutuluka ndi masizasi kukadula mabulangeti, mizeremizere yake ili yowongoka bwinobwino, chifukwa ine sindiimba mokhotakhota.

Ndinasiya kuimba poona kuti Dokotala sakuonekanso. Tinawafukula ndi makasu, ali moyo, akutuluka thukuta. Thumbalo ndinaliika pa tebulo, koma linapitiriza kulira lokha usana ndi usiku mpaka Loweruka. Lamulungu m'mawa ndinaliuza kuti tsiku la Sabata sitiimba zamakolo. Linakhala chete.

Tibwerere pabwalo paja. Che Mwamadi anazungulira Dokotala, anawerama, anafunafuna, kenako anagamula kuti, "Mawondo palibe, mlandu palibe. Koma siketi yatseka msewu wa boma. Idulidwe pa katumba." Dokotala anavomera. Anyamata anavomera. Amayi a ku Phalula anavomera atamaliza kudula. Mphotho ya oimba bwino inapita kwa a beni, chifukwa woyang'anira dongosolo sapikisana nawo, ndipo lamulo limenelo ndinaika ndine ndemwe.

Bulangeti limene ndimafunda mpaka lero ndi chidutswa cha siketi imeneyo. Mpongozi wanga, amene amakonda kutsutsa akulu, akuti pakona pake pali kansalu kolembedwa dzina la sitolo ya ku Limbe. Kalipodi, ndakaona. Nanga chodabwitsa n'chiyani? Nakonso kanamera tsiku lomwelo.