Kachewere wa Dokotala

Lolemba
Ndalonjeza pamaso pa mphakati wonse. Lamulungu Misa ikatha, ine nditulutsa kabuku ka nzeru zonse zimene anthu amaponya pa gulu lathu la pa foni. ANangozo aseka chokweza mapewa, ati munthu wolekeza Sitandade 3 alemba buku? Aona.
Zolowamo ndasankha kale:
chigumu cha aNangozo omwewo,
mankhwala a nsabwe za nkhuku a malemu aFabiyano,
kasungidwe ka kachewere, koponyedwa ndi aNaphiri. Aka ndiye kokoma! Nzeru zake ngati ndayankhula ndine.
Madzulo akatekisiti akundiimitsa pa mjigo: "Agogo, mawu ali ndi eni ake. Muyambe mwapempha chilolezo kwa aliyense." Mawu asanduka mbuzi?

Lachiwiri
Kupempha pa foni ndi mwano. Ndavala chitenje cha Amayi Maria, ndikuyenda khomo ndi khomo.
ANangozo akukana. Ati pa gulu paja anasiya dala chinthu chimodzi kuti chigumu cha ena chisapose chawo. N'chifukwa chake changa chija galu anachikwirira!
ANaphiri akuvomera ndi manja awiri, kenako: "Komatu si zanga, ndinangokankha. Zinachokera kwa alamu anga ku Kasina."

Lachitatu
Kabaza mpaka ku Kasina. Chisanu! Matako ndawasiya pa chikweza.
Alamu aja andipatsa mpando, tiyi, mbiri ya bondo lawo kuyambira chaka cha njala. Pomaliza ati iwonso anangokankha, anazitenga pa gulu la ocheka matabwa m'phiri.
Ocheka matabwa ndi kachewere, zikugwirizana pati?

Lachinayi
Kwa aFabiyano. Mkazi wawo akuti za malemu sanganene yekha, aitane mwini mbumba. Mwini mbumba wabwera ndi azilongo ake, takhala pamphasa ngati tikugawa munda. Chigamulo: mankhwala a nsabwe adikire kaye chiliza chimangidwe.
Nkhuku zizidzikanda mpaka chiliza.
Kabuku katsala ndi tsamba limodzi.

Lachisanu
Ndakwera phiri, utuchi m'mano. Wocheka matabwa akupukuta manja, akutsegula foni. Ati mwini wake ndi "Dokotala wa Mbatata", ali ndi tsamba lake pa intaneti, anthu amamutsata mpaka ku Mozambiki. Akundiwerengera zonse, ndi zomwe ena anadula m'njira:
"Kachewere ali ngati mlendo, safuna dzuwa, safuna kupanikizidwa. Muyalireni masamba a paini. Wovulala m'chotseni msanga, amawononga anzake ngati aNangozo pa kwaya."
Mayo ine! Amenewa ndi mawu anga! Ndinawanena pankhokwe panga, ndikukalipira Filomena mwana wanga.
Ndikuti tione nkhope ya Dokotalayo. Jekete la malemu amuna anga. Kumbuyo kwake, khola langa la nkhumba.
Ndi aLuka. Mkamwini wanga. Amene ndinawapatsa malo kuseri kwa khitchini.

Loweruka
Ndathamangira kwa akatekisiti. Akukanda chipumi. Ati nzeru mwina n'zangadi, koma amene anazilemba n'kuziponya ndi aLuka, ndipo pansi pake analemba okha kuti osatenga osapempha. Ati bola ndipemphe, mumpingo mukhale mtendere.
Ndipemphe bwanji? Mkamwini sindiyang'anana naye. Chibwerere pamudzi pano, tikakumana panjira iwo amalowa m'chimanga, ine ndimaona kumbali. Sindingawatukwane n'komwe, ndi ulemu umenewo.
Choncho ine m'khitchini, iwo kuseri kwa nkhokwe, Filomena pakati ngati mthenga.
Ine: kawauze kuti ndi mbala yoba ndi makutu.
Filomena, ndikumumva ndithu: "Amayi akuti mwaswera bwanji."
Wabwerera: "Akuti alola ndi mtima wonse, poti ndinu apongozi. Koma dzina lawo likhale pamwamba, ndipo musasinthe ngakhale liwu limodzi."
Ndatuma mawu ena atatu. Onse afika ali moni.

Lamulungu
Kabuku ndi pepala limodzi. Ndaima kutsogolo, ndikuwerenga mawu a m'kamwa mwanga, "mwa chilolezo cha Dokotala wa Mbatata". Osasintha liwu, monga mwa pangano. Pofika pa kwaya paja tchalitchi chonse chagwa ndi phwete. ANangozo anyamuka, akulunjika mbali ya abambo, ambulera m'manja.
Anthu akuti Dokotala ali ndi nzeru, koma pakamwa pake mpoipa. Ine ndikuvomereza, ana a masiku ano alibe ulemu.
ALuka adumpha mpanda wa kwa asisitere, jekete lang'ambika pa waya. Filomena wabwera nalo kuti ndisoke.
Ndisoka, nanga n'kutani, n'la malemu. Koma pankhokwe ndiziyankhula chonong'ona.