Suti Yobwereka M'munda wa Tirigu

Nkhani iyi ndikaikumbukira ndimafuna nthaka itandimeza, komabe imvani.

Nthawi ya korona ndinali dalaivala wa madamu ena a ku France, ku Al Duhail, mumzinda wa Doha. Pabalaza pawo panali chithunzi chojambula pamanja cha anthu akukolola tirigu kwawoko. Abale inu, sindinaonepo zotere! Dzuwa linkachita kuthwanima pamapesi, fumbi lili kobo, mayi wina atagwira msana ndendende azakhali anga pokolola. Ndinkangoima, kukamwa kuli yasa mkati mwa masiki.

Madamuwo, amenenso ankajambula, anandiuza kuti akatswiri akwawo ankanyamula penti mpaka kumunda kuti aligwire dzuwa lisanasunthe.

"Friday ndikakujambula iweyo, Yohane. Outside!"

Kwathu munthu sajambulidwa ndi zovala za kuntchito. Ndinabwereka suti ndi tayi kwa Mavuto, mnzanga wa security, nsapato n'kupolisha. Kenako ndinaimbira Chisomo, bwenzi langa, amene makolo ake ankakayika ngati ndili munthu wolongosoka woti n'kumupatsa mwana.

"Uwauze akwanu adikire chithunzi changa. Chamanja, osati cha pafoni!"

Lachisanu kupaki ya ku Al Aziziya ndinaima chilili, chifuwa patsogolo, dzanja m'thumba. Madamu anagwira mutu.

"Yohane, ukupita ku ukwati? Vula jekete!"

"Madam, ndi yobwereka..."

"Yalla, fulumira, vula!"

Anandipatsa zenga ndi mtolo wa udzu wouma.

"Pita uko. Kutali! Tembenuka. Werama!"

"Nanga nkhope, madam?"

"No face!"

Ndinawerama padzuwa la Doha, thukuta lili kamukamu, tayi akulendewera, anthu odutsa akuseka m'mamasiki mwawo.

Atamaliza anandionetsa chithunzicho. Kapinga wapapaki anali atasanduka munda wagolide, mphepo ikuchita kuoneka mmene ikuweramitsira ngala. Misozi inalengeza, zoona. Koma ineyo ndinali kanthu kakang'ono chapakona, chowerama, mbuyo italoza kwa woonera.

Chisomo anandivutitsa pa WhatsApp mpaka ndinatumiza. Yankho silinachedwe.

"Amayi akuti mundawo ngokongola zedi. Koma akufunsa kuti ganyu yomweyi mpaka kukwerera ndege?"

Musanabwereke suti, yambani mwafunsa mbali imene akakujambuleni.