Belu ndi Duriyani wa Siew Lan

Botolo lachitatu la mowa litatha, Boon Huat, amene anadzipatsa yekha dzina loti Profesa, anamenya tebulo la pashopu ya khofi.

"Chimphuno, tchera khutu. Belu lamkuwa lija la pasiteshoni yakale ya sitima za pansi pa nthaka, pakati pa tauni, mawa ndi lathu. Wogula ndamupeza kale."

"Nanga likamalira m'thumba, Bigi?" anafunsa Selvam, Chimphunoyo, mwini mphuno yaikulu mu Singapo monse, koma yotsekeka ndi chimfine chaka chonse.

"N'chifukwa chake ine ndine Profesa, iwe ndiwe mphuno basi. Tilitseka pakamwa ndi duriyani. Ndi mlonda uti angalowetse mutu m'thumba lonunkha chipatso chimenecho?"

Profesa ankaopa munthu mmodzi yekha: mkazi wake Siew Lan, wogulitsa zipatso pamsika. Mayiyu anali atalumbira kuti apolisi akadzangomugwiranso, banja latha, zovala akazipeza pamasitepe. Komabe m'mawa mwake mkuluyu anazembetsa thumba la duriyani wakupsa mpaka kung'aluka pabenchi la mkazi yemweyo.

Ntchito inayenda myaa. Atavala majekete a anthu okonza zinthu, awiriwo anamasula belu pakhoma, anthu opita kuntchito akungodutsa, maso ali pafoni. Anakhotera pangodya, anafinyira duriyani m'kati mwa belu, n'kuliponya m'thumba. Kenako anatsikira kunsi kukadikira sitima.

Kunsiko mphepo siipita. Fungo linayamba ulendo wake. Mayi wina anatseka mphuno ndi mpango, bambo wa tayi anabwerera chambuyo, ndipo posakhalitsa akatswiri athu anatsala okhaokha pakati, anthu atawazungulira patali. Sabata yathunthu Profesa ankabwera kudzawerenga makamera, ataima pansi penipeni pa chikwangwani choletsa duriyani, osachiona n'komwe.

"Bigi, taonani ulemu akutipatsawu," ananong'ona Chimphuno.

Mtsikana wogwira ntchito pasiteshonipo anafika, dzanja lili pamphuno. "Ankolo, pepani, duriyani saloledwa muno. Ingotulukani naye, nkhani yatha."

Mtima wa Profesa unakhala m'malo. Kutuluka ndi thumba? Si zomwe ankafuna zomwezo! Koma Chimphuno anali munthu woleredwa bwino, wosafuna kuvutitsa anthu.

"Musadandaule achemwali, tingochotsa duriyaniyo, katundu winayu akwere."

"Iwe galu, usa..."

Mochedwa. Chimphuno anapisa dzanja n'kuzula. Belu lomwe linakhala chete zaka zonsezi linatsegula kukamwa: ngeee! Ngeee! Ngakhale aja a maso pafoni anadzuka.

Apolisi sanavutike kufufuza. Pathumbapo panali dzina la benchi ndi nambala ya foni, ndipo sipanapite nthawi Siew Lan anatsika sitima, epuloni ili m'chiuno.

"Mayi, bamboyu mukumudziwa?" anafunsa wapolisi.

Profesa, manja ali mu unyolo, anachonderera. "Siew Lan, mayi wanga, ndifotokoze kaye..."

Mayiyo anawerama, ananunkhiza belu, n'kuweramuka.

"Duriyaniyu ndikumudziwa, ndi wanga. Thumbali ndi langanso. Chinachi," analoza Profesa ndi mlomo, "sindikuchidziwa." Anakutumula thumba lija n'kulipinda bwinobwino. "Ili ndiye mundipatse, bwana. Kunyumba kuli zovala zoti ndilongedze."