Maluwa a Mervis Ali pa Manda a Malume Ake

Pali njira ina yolowera ku Nathenje imene mpaka lero ndikafikapo ndimatsika njinga n'kuvula chipewa, ngakhale pamsewu palibe tsamba ndi limodzi lomwe. Ondiona amati ndine munthu waulemu. Si ulemu ayi, abale anga. Ndi manyazi amene adakana kutha.

Makolo anga adamwalira ndili wamng'ono, ndipo adandilera ndi agogo anga akuchikazi ku Mitundu. Ndidakula wosalankhulalankhula. Mwana wamasiye amaphunzira msanga kukhala pakona n'kumayang'ana, ndipo ine ndidazolowera kwambiri mpaka pakamwa padachita dzimbiri. Nditakula ndidakhala telala, makina anga ndidaika pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika. Ntchito yake idandiyenera: kasitomala amalankhula, iwe umangogwedeza mutu.

Mervis ankabwera tsiku lililonse la msika kudzapikula tomato ndi kabichi zokagulitsa m'mbali mwa msewu ku Nathenje. Mawu ake ankafika iye asadafike. Ankakangana ndi alimi, ankaseka mpaka kugwira m'chiuno, kenaka n'kutulukira pakhonde langa ndi nsalu m'manja.

"ATelala! Muli moyo kapena tiyambe kuphika za maliro?"

Ine ndinkangomwetulira n'kutenga tepi. Ndidamusokera madiresi angapo, ndipo tizidutswa tansalu totsala sindinkataya. Ndinkatisunga m'chitini pansi pa makina. (Musandifunse chifukwa. Nthawi imeneyo ngakhale ine ndikadayankha kuti n'zopangira zigamba.)

Tsono agogo, ngakhale maso adayamba kufooka, ankakonda mafilimu omasuliridwa m'Chichewa omwe ndinkaikitsa m'foni. Lamulungu lina masana, titaweruka kutchalitchi, tidakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuonera ina ya ku Amereka. Munali mwamuna wataye, wachete, wokonda kuyala zinthu zake mwadongosolo, ndi mkazi waphokoso amene chilichonse akagwira chinkatayika. Poyamba ankadana. Pakati adayamba kukondana osauzana. Pomaliza mkaziyo adanyamula zikwama kuti akakwere ndege, ndipo mwamuna uja adathamanga mumzinda monse maluwa ali m'manja, osaima ngakhale apolisi akumuimitsa, mpaka adakagwada pamaso pake anthu akuwomba m'manja.

Agogo ankathirira ndemanga filimu yonse. "Kodi mtsikanayu alibe malume? Zonsezi akungopangana awiriwiri?" Pa maluwa paja adati, "Nanga amenewo akadya?" Koma itatha adandiyang'ana.

"Wataye uja ndiwe. Kusiyana kwake, iye pomaliza watsegula pakamwa."

Ndidayang'ana pansi.

"Ukuyesa chitini chija sindidachione? Mwana wanga, ine mphamvu zikutha. Ndikadzapita udzalankhula ndi yani m'nyumba muno? Makina?"

Mawu amenewo adandikhala pachifuwa sabata yonse. Ndipo ngati zochita kupangana, tsiku la msika lotsatira Mervis adafika akulengeza kwa aliyense wofuna ndi wosafuna kumva kuti mkulu wake wamupezera ntchito ku Joni, ndipo Loweruka akwera basi.

"ATelala, mudzandisowa?"

Ndidagwedeza mutu. Mpaka pano sindikudziwa kuti ndidaugwedezera mbali iti.

Maluwa enieni ku Mitundu kuno sitigula. Choncho Lachisanu ndidatsegula chitini chija n'kusoka maluwa a nsalu, lililonse kuchokera ku diresi lake la Mervis. Adakongola ndithu. Vuto lidali lakuti pa waya sankaima, ankangowerama ngati fodya wofota. Ndiye ndidapinda wayayo kukhala wozungulira n'kuwamangirira momwemo. Agogo adawapenda chapafupi n'kunena kuti, "Ndi okongola, koma akundikumbutsa kena kake." Sindidafunse kuti n'chiyani. Loweruka m'mawa ndidavala jekete langa lokhalo, lakuda la kutchalitchi, ndi chipewa, ndidamangirira maluwa pakaliyala n'kuuyamba ulendo.

Ndidapalasa ngati wothamangitsidwa. Phiri la Bunda lidatsala kumbuyo, fumbi lili koboo, ine ndikubwereza m'mutu mawu amene ndidakonza. Mumtima ndidatsimikiza chinthu chimodzi: mwamuna wa m'filimu uja sadaime, inenso sindiima. Ndikangoima, mantha andipeza.

Nditayandikira mudzi wa kwawo kwa Mervis, ndidapeza masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu. Palibe mwana wa kuno amene sadziwa tanthauzo lake: pamudzi pagwa maliro, wa panjinga atsike, wachipewa avule, wa galimoto ayende pang'onopang'ono. Ndikadakonda kunena kuti sindidawaone. Ndidawaona bwinobwino, ine amene ndimaona chilichonse. Koma miyendo idali ku Amereka. Ndidadutsa pamasambapo liwiro lili lonselo, chipewa chili kumutu.

"Iwe! Tsika! Tsika msanga!"

Adali adzukulu, anyamata okumba manda, akuchokera kokonza dzenje makasu ali paphewa. Mmodzi adagwira hendulo, wina adandivula chipewa n'kundipatsa m'manja. M'mbali mwa msewu mudadzuka bambo wina wamtali amene ndikadamugunda akadakhala kuti sadadumphire kumbali. Pambuyo pake ndidamva kuti ndi a Kachingwe, mng'ono wawo wa malemu. Sadakalipe. Adangofunsa motsitsa mawu:

"Achimwene, kwanu maliro sagwa?"

Funso limenelo lidandilasa. Ine amene ndidaperekeza mayi ndi bambo kumanda ndisadayambe n'sukulu yomwe. Nyimbo ya amayi idali kumveka kuseri kwa nyumba, ndipo m'pamene ndidazindikira kuti ndinkaimva kuyambira patali.

"Ameneyu alipire nkhuku basi," adatero mdzukulu wogwira hendulo uja.

Kenaka maso a a Kachingwe adagwera pakaliyala. Adayang'ana maluwa ozungulira aja, adayang'ana jekete lakuda, nkhope yawo n'kufewa.

"Musiyeni. Simukuona kuti wabwera ndi nkhata? Chisoni chamusokoneza munthuyu. Nkhuku adzabweretsa tsiku lina." Adatembenukira kwa ine. "Malemu a Jelasiwa munkadziwana nawo bwanji?"

Apa m'pamene munthu wapakamwa akadalongosola. Ine ndidangotulutsa mawu awiri: "Ndine telala."

"Oo! Ndinu amene mudawasokera suti ija? Ankainyadira kwambiri. Ndi yomwe tawaveka."

Ndidagwedeza mutu. (Mutu wangawu wandilowetsa m'mavuto ambiri kuposa lilime la munthu wina aliyense.)

Adandikhazika pabenchi pakati pa akuluakulu. Kumanda, dothi litakwiriridwa, woyendetsa mwambo adayamba kuitana oika nkhata: ana, abale, a kumpingo. Kenaka adati, "Pali nkhata ina yochokera kwa mnzawo wa malemu, telala wawo, amene wapalasa njinga kuchokera ku Mitundu."

Anthu adapatuka kundipatsa njira. Ndidayenda, ndidagwada, maluwa ali m'manja, ndendende ngati mwamuna wa m'filimu uja. Nditadzutsa maso, tsidya lina la manda padali Mervis, mpango uli kumutu, maso atatupa, amayi awiri atamugwirira. Aka kadali koyamba kumuona ali chete. Adayang'ana nkhata ija nthawi yaitali: duwa lachikasu la diresi lake la Khirisimasi, lobiriwira la diresi la ukwati wa mnzake. Kenaka adandiyang'ana ine. Ndidaika maluwa ake pa manda a munthu amene sindidamuonepo n'kale lonse, n'kubwerera pamalo panga.

Kunyumba agogo adandichingamira pakhomo. "Wanena?"

"Kudali maliro, agogo."

"Nanga maluwa?"

"Ali kumanda."

Adakhala pansi pang'onopang'ono. "Mzimu wawo uuse mumtendere," adatero. Patapita kanthawi adawonjezera, "Ndakumbukira tsopano chomwe ankandikumbutsa."

Atameta maliro, Mervis adabwera pakhonde langa. Sadafuule. Adakhala pampando wa makasitomala n'kumayang'ana chitini chopanda kanthu chija.

"Malume aja ndiwo adandilera, aTelala. Mayi anga sindikuwadziwa nkhope." Ndidaimitsa makina. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti phokoso lake limachokera m'nyumba yodzaza anthu. "Mukadabwera ali moyo, nkhani yanu mukadakatula kwa iwowo. Ndiye inu mwachita kudikira agone kaye."

Ndidatsegula pakamwa. Simudatuluke kanthu.

"Basi, tsekani, mungalowe ntchentche. Tsopano atsala ndi a Kachingwe, omwe mudafuna kuwaponda aja. Nkhuku yawo akuidikira. Koma mukapite ndi munthu wodziwa kulankhula, inu musakayerekeze."

"Nanga Joni?" Ndiwo mawu okha omwe ndidakwanitsa.

"Joni sathawa. Ndiona kaye kukula kwa nkhukuyo."

Agogo adasankha okha tambala wamkulu m'khola monse, adaitanitsa mwana wa mlongo wawo kuti akhale nkhoswe yanga, ndipo tidapita ku Nathenje wapansi kuyambira pomwe padali masamba paja. Zokambirana zonse ine ndidangokhala chete, ndipo a Kachingwe adati sadaonepo mkamwini waulemu chotero. Agogo adavina pa ukwati wathu. Adatisiya chaka chotsatira, m'nyumba muli phokoso lokwanira.

Maluwa a nsalu safota msanga. Tikapita kokalambula kumanda timawapeza alipo, atangosuluka ndi dzuwa, ndipo abale ake mpaka lero amandiyamikira za suti imene sindidasoke. Ndidaphunzirapo kuti msewu wa m'filimu sukhala ndi masamba, koma wathu kuno umakhala nawo. Kulankhula kokha ndiko sindidaphunzire. Mawu omwe ndinkabwereza panjinga aja ndikadali nawo, ndipo Mervis akandifunsa kuti adali otani, ndimangogwedeza mutu. Iye amauza alendo kuti mwamuna wake adagwadapo kamodzi kokha ndi maluwa m'manja, ndipo adafunsira malume ake.