Tsiku Limene Ndinagwera M'ngalande ndi Yunifolomu Yoyera

Kuno ku Thyolo alipo anthu amene akandiona amayamba aseka kaye, moni n'kubwera pambuyo. Sindiwakwiyira ayi. Choseketsacho ndinawapatsa ndekha.

Ndinali m'chaka chomaliza pasukulu ya anamwino ya mishoni, ndikukhala kwa azakhali kuseri kwa minda ya tiyi. Chaka chimenecho akuluakulu a sukulu anaganiza zokumba ngalande, poti mvula ikagwa madzi ankatsika kumtunda n'kudzatipeza m'kalasi. Ganizo linali labwino, koma ngalandeyo inadula kanjira kathu ka njinga pakati penipeni. Anatiuza kuti tizizungulira kugeti lalikulu. Ine ndizungulire? Okumbawo anali atayala thabwa lodutsirapo wilibala, ndiye ine ndinkangowolokera pomwepo osatsika n'komwe. (Ndikawoloka ndinkaliza belu, kuti aone kuti kwadutsa katswiri.)

Kapitawo wawo anali bambo wina wachikulire, a Nakoma. Tsiku lililonse ankandiuza kuti, "Adokotala, thabwali si mlatho." Ine n'kuyankha, "Inu malizani dzenje lanuli, mwatitopetsa nalo."

Kenako linafika tsiku la mayeso a m'wodi, aja amakuyang'anira ukusamalira wodwala weniweni. Ukawaphonya umadikira chaka chamawa. Mvula inali itangokata m'mawawo, ndipo ndinanyamuka mochedwa chifukwa chosita yunifolomu kawiri. Ndikutsetsereka paliwiro, ndinaona a Nakoma atakweza manja onse awiri, akukuwa. Ndinati mumtima, taonani mkuluyu, akundifunira mafuno abwino. Nanenso ndinakweza dzanja. Dzanja la buleki.

Thabwa anali atalichotsa.

Njinga inaima pamene inaimapo, ine ndinapitiriza ulendo. Phwamu! Matope a katondo mpaka m'makutu. Poyesa kudzuka ndinamva kamphepo kachilendo kumbuyoku: buluku linali litang'ambika kuyambira palamba mpaka pamene sindingatchule.

Amayi othyola tiyi anathamangira, madengu ali kumsana.

"Mayo ine! Afa kodi?"

"Ayi, akuphethira."

"Iii, si adokotala a belu aja awa?"

Ndinkayembekeza kuti a Nakoma anena kuti ndinakuuzani. Sananene. Anatsikira okha m'matopemo, n'kundigwira m'khwapa ngati thumba la simenti. Atanditulutsa anandiyang'ana bondo, lomwe linali litasupuka, n'kufunsa, "Mwasita chonchi, kuli chiyani lero?"

"Mayeso," ndinatero, misozi ili pafupi. "Basi, ndalephera."

"Mwalephera musanafike? Amayi, tatchingani apa!"

Amayi anayi anatambasula zitenje n'kundizungulira, nkhope atayang'ana kutiyi. (Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka.) Ndinasamba madzi a mumgolo wokandira simenti. A Nakoma anavula ovolosi yawo n'kutsala ndi kabudula ndi malaya, nandiponyera pamodzi ndi majombo. Ovolosiyo inalekeza m'akatumba, majombo ngati mabwato. Anandikweza pakaliyala ya njinga yawo, tinazungulira kugeti lalikulu lomwe lija. Sipanathe ndi mphindi zisanu zomwe. Mphindi zisanu, abale!

Pakhomo la wodi tinapeza mayi Mpaso, mphunzitsi woyesa, amene sankaseka ndi munthu. Anandiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Mpope wowonongeka uli kuseri, bambo."

"Ndine, madamu."

Anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. A Nakoma anavula chipewa n'kulankhula asanafunsidwe. "Mwanayu wagwera m'ngalande mwathu, mayi. Wangodzuka n'kufunsa za mayeso. Chonde muyeseni." Zakuti anandiletsa kwa milungu itatu sanazitchule.

Mayi Mpaso anatumiza zovala zobiriwira za kuthiyeta. Ndinatsuka bala la agogo ena, iwo akundiyang'ana m'mene ndinkatsimphinira. "Mwana wanga," anatero agogowo, "ukatha ine, ugone apa ndikutsuke iwe." Mayi Mpaso anatsokomola n'kuyang'ana kuwindo. Mayesowo ndinakhoza.

Sabata litapita, ndinanyamula ovolosi yochapa ndi tambala kupita kwa a Nakoma. Mawu onse othokoza amene ndinakonza panjira anathawa, ndinangoti zikomo katatu.

"Tambalayu ndalandira," anatero, "koma othokoza ndife. Chikwangwani tinaika, palibe anachiwerenga. Inu mwangogwa kamodzi, sukulu yonse ikuzungulira kugeti."

Lero ngalandeyo ndi yakonkire, ili ndi kamlatho kake, ndipo ana a sukulu amaphunzira mapazi ali ouma. Ndikamadutsa ndimawakumbukira bambo aja, ndi amayi a zitenje amene mayina awo sindinawafunse n'komwe.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinasintha. Mwezi wathawu anakumba kangalande kena pachipatala pamene ndimagwira ntchito. Ndinaima, ndinakayeza ndi maso, ndinayang'ana uku ndi uku, ndinalumpha. Ine ndinawoloka bwinobwino. Nsapato yakumanzere ndi imene inakana.